Mbewa yokumbukira zomwe sizinachitike

Anzanga, nkhani iyi yandisowetsa tulo. Mu 2013, Steve Ramirez ndi Xu Liu, a mu labu ya Susumu Tonegawa pa yunivesite ya MIT ku America, anaika puloteni yochokera ku ndere, yomwe imadzutsa selo ikawalitsidwa ndi kuwala, m'maselo a ubongo wa mbewa osunga chikumbukiro cha bokosi losaopsa. Kenako mbewayo ili m'bokosi lina, anadzutsa maselowo ndi kuwala kwa buluu kudzera m'kachingwe kolowa m'mutu, uku akuigwiritsa shoko ya magetsi pang'ono kumapazi. Atayibwezera m'bokosi loyamba lija, inangouma gwa ndi mantha, pamalo pomwe sinapwetekedwepo n'komwe!

Ndikuganizira anthu omwe ngozi kapena nkhanza zimawabwerera kutulo. Ngati mantha amamangika chonchi, mwina angamasulikenso. Koma zondiboola mutu, ine ayi ndithu, zipitirire kaye pa mbewa pomwepo.