Mawu amene dzanja langa limathamangira

Lolemba m'mawa amayi amene amayang'anira gawo lathu la zolemba anandibwezera lipoti la masamba 18 limene ndinatha masiku anayi ndikulikonza. Sanasinthe chiganizo ngakhale chimodzi. Anangozunguliza ndi cholembera chofiira mawu akuti "komanso" paliponse pamene anawapeza, moti tsamba lachitatu linachita kufiira.

"Achimwene, tawerengani ndime iyi mokweza," anatero.

Ndinawerenga, ndipo khutu linamva zimene diso linakana kuona. Pa ziganizo zisanu zotsatizana, zinayi zinalumikizidwa ndi mawu omwewo. Ntchito yanga ndi kukonza zolemba za ena, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndiye zinandipweteka mtima. Mawu amene munthu wawazolowera amabisala. Sipelo yake ndi yolondola, galamala ili bwinobwino, choncho kompyuta nayo imangokhala chete. Ndinatsimikiza mtima kuti pofika Lachisanu, Microsoft Word izindikodola ndikangowalemba.

Tsiku lomwelo ndinayamba ndi chapafupi. Mukadina Ctrl+F, kumanzere kumatseguka kabokosi kosakira mawu, ndipo kamakuuzani kuti mawuwo apezeka kangati, n'kuwapaka chikasu m'tsambamo. "Komanso" anapezeka ka 61. Ndinayesa "kwambiri", "choncho", "ndithu", "pofuna", ndikulemba manambala pa kapepala. Koma ndikangoyamba kutaipa, chikasu chija chinkazimirira. Njira imeneyi ndi yowerengera mawu pa zimene walemba kale basi.

Lachiwiri ndinapeza chimene ndinkafuna, ngakhale chinagwira mbali imodzi yokha. Word ya pa Windows ili ndi fayilo imene anthu ambiri sanaitsegulepo, yokhala mu foda ya UProof, mkati mwa AppData. Ya Chingerezi cha ku Britain dzina lake ndi ExcludeDictionaryEN0809.lex, ya cha ku America imathera ndi 0409. Ntchito yake ndi yotembenuza ya dikishonale: mawu aliwonse amene mwaika mmenemo, Word imayamba kuwatenga ngati olakwika sipelo. Ndinaitsegula ndi Notepad, n'kulemba liwu limodzi pa mzere uliwonse, "very", "actually", "ensure", ndi ena angapo. Nditatseka Word n'kuitsegulanso, ndinataipa "very" ndipo nthawi yomweyo pansi pake panabwera kamzere kofiira kokhotakhota kaja. Ndinakhala kaye phee ndikukayang'ana.

Chimwemwecho sichinachedwe kuchepa nditatsegula lipoti la Chichewa. Word yanga ilibe dikishonale ya Chichewa. Mukasiya chilankhulo pa Chingerezi, tsamba lonse limakhala lofiira kale, ndipo "komanso" sasiyana ndi mawu ena alionse. Mukazimitsa zoona sipelo, fayilo ija ilibenso ntchito. Ndinayesa kuganiza zolowetsa mawu onse a Chichewa mu dikishonale yanga n'kusiya okhawo ofuna kugwidwa, koma aliyense wodziwa mmene mneni wa Chichewa amasinthira akudziwa kuti ntchito imeneyo siingathe.

Nkhani ya mneniyi ndi imene inandidyera Lachitatu lonse. M'Chingerezi liwu lambiri limakhala ndi maonekedwe atatu kapena anayi. Kwathu m'chilankhulochi tsinde limodzi limavala aphatikiri osawerengeka. Ndikasaka "zofunika" ndimapeza ochepa, pamene m'lipotimo muli "chofunika", "kufunikira", "akufunika", "n'kofunika", "zosafunikira", onse ochokera pa tsinde limodzi, ndipo woŵerenga amawamva ngati liwu limodzi lobwerezedwa. Ndinatsegula Ctrl+H, n'kuchonga pa Use wildcards, n'kulemba <*funik*>, kanyenyeziko kakuimira zilembo zilizonse. Kumalo kwa mawu olowa m'malo ndinaika ^&, chizindikiro chouza Word kuti ibwezeretse zomwezo zimene yapeza, ndipo pa Format ndinasankha Highlight. Nditadina Replace All, pafupifupi lipoti lonse linasanduka lachikasu.

Panatenga nthawi kuti ndimvetse. Kanyenyezi kaja sikaima pamapeto pa liwu. Kamameza zilembo, mipata, ziganizo, ngakhale ndime zathunthu, mpaka katakumana ndi "funik" woyamba. Ndinadina Ctrl+Z, n'kuchotsa zizindikiro zonse zija, n'kungosaka tsinde lokha popanda kuchonga pa Find whole words only. Kachidutswa kachikasu pakati pa liwu n'kokwanira kukodola diso. Chongofunika kusamala n'chakuti tsinde lisafupike mopitirira. Nditayesa "onse", Word inagwiranso "konsekonse" ndi "paliponse", mawu amene analibe mlandu.

Lachinayi mnzanga wa zamakompyuta anandithandiza kusonkhanitsa zonsezi mu macro imodzi, ndiye kuti kapulogalamu kakang'ono ka malangizo kamene Word imakatsatira yokha. Tinatsegula Alt+F11, tinaika mndandanda wa masinde 14, ndi malangizo ochepa oti Word idutse pa lililonse n'kulipaka mtundu. Tinaisunga mu Normal.dotm kuti izipezeka m'fayilo iliyonse, n'kuipatsa mabatani ake pa kiyibodi. Tinapanganso yachiwiri yofufutira. Imeneyi inandichititsa manyazi masana omwewo, chifukwa inafufuta chikasu chonse, kuphatikizapo malo amene mlembi wa nkhani ina anapaka posonyeza manambala oti atsimikizidwe. Mwamwayi kope loyamba linalipo. Word ili ndi mitundu 15 yopakira, ndiye yanga ndinaisinthira ku wobiriwira wowala, ndipo macro yofufutayo tsopano imakhudza mtundu umenewo wokha.

Chimene sindinayembekezere chinaoneka Lachisanu, ndikulemba kalata yaitali m'Chingerezi. Kamzere kofiira kaja kankabwera pakati pa ganizo. Ndinkaima, kufufuta "very", kufunafuna lina, ndipo pobwerera mapeto a chiganizo ndinali nditawaiwala. Choipa kuposa apo, dzanja linapeza pothawira. Paliponse pamene ndinaletsedwa "very" ndinalemba "highly", ndipo m'Chichewa, poopa "komanso", ndinadzaza "ndiponso". Vuto lenileni la tsamba lachitatu lija linali lakuti ndinkaunjika mfundo zitatu m'chiganizo chimodzi, ndipo mlumikizi ankangonyamula katundu amene ndinamusenzetsa. Pamene ndinadula ziganizo, "komanso" anachoka yekha, osafuna womulowa m'malo.

Ndiye ndinabwerera ku fayilo ya .lex ija n'kuchotsamo mawu onse kupatula atatu, amene ndikudziwa kuti sawonjezera kanthu pafupifupi nthawi zonse. Enawo ndinawasiyira macro, yomwe ndimaiyendetsa ndikamaliza kulemba ndime zonse. Ndikaona zobiriwira ziwiri pa tsamba, ndimadutsa. Ndikaona zinayi zitaunjikana m'ndime imodzi, ndimaiwerenga mokweza. Ena ndimawasiya dala, monga "kwambiri" amene ali m'mawu a munthu wofunsidwa, chifukwa mawu a mwini sindiwakhudza.

Madzulo ndinapereka lipoti lija kachiwiri. Amayi aja analiwerenga ali chiimire, cholembera chili m'manja. Pa tsamba lachitatu sanalembepo kanthu. Pa tsamba la 11 anazunguliza "makamaka" katatu, liwu limene silinali pa mndandanda wanga. Ndisanazimitse kompyuta ndinatsegula macro ija n'kuliwonjezera pa mzere wa 15.