Momwe ndinasakira podonthera petulo pa Corolla yanga yakale

Galimoto yakale ikayamba kununkha petulo, musanafunse kuti akudonthera pati, funsani kaye kuti fungolo limabwera liti. Yanga ndi Toyota Corolla AE100 ya m'zaka za m'ma 1990, ya injini ya 5A-FE, imene ndimayendera pakati pa tauni ya Kasungu ndi kumunda cha ku Chamama. Fungo silinkamveka masiku onse. Ndikathira malita 10 kapena 15, kunali zii. Koma mafuta akavuta, munthu ukachezera pamzere n'kufika pa pampu umadzaza thanki mpaka pakamwa, poti sudziwa kuti udzawapezanso liti. Tsiku limenelo ndi mawa lake m'galimoto simunkakhalika, ana kumbuyo n'kumadandaula mutu.

Zimenezi zinkaloza kumtunda kwa thanki kapena paipi yothirira. Fungo lomveka pokhapokha injini ikulira limakhala la njira imene pampu imakankhiramo petulo, ndipo lobwera galimoto itaima padzuwa kawirikawiri ndi la chivindikiro cha thanki chimene labala wake watha, kapena timapaipi totulutsa nthunzi. Komabe ndinayambira ku injini. Kumbuyo kukamadontha mukutaya ndalama, koma dontho logwera pa ekizozi yotentha limatha galimoto yonse.

Ntchitoyi ndinaigwirira pabwalo kunyumba, osati pansi pa mitengo paja pamakhala amakaniko, chifukwa pamenepo owotcherera zitsulo sakhala patali. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya. Imakwawa pansi n'kukapeza mbaula imene inu simukuiganizira n'komwe. Ndinaika ndowa ya mchenga pafupi, popeza madzi sazimitsa moto wa petulo, amangoumwaza. Kuunikira kunali kwa tochi basi.

Ndisanagwire sipanala ndinayamba ndawerenga fumbi. Ubwino wa misewu yathu ndi umenewu: fumbi lofiira limamata paliponse, ndiye pamene pakuchucha pamakhala chigamba chakuda chonyowa, kapena pamayera modabwitsa chifukwa petulo amatsuka litsiro n'kuuma. Dontho la pansi musalikhulupirire kwambiri. M'nyengo yotentha ngati mu Okutobala petulo amauma asanafike padothi, ndipo akafika amakhala atayenda kaye motsatira paipi, n'kugwera patali ndi pamene watulukira.

Ma Toyota a zaka zimenezo ali ndi kabokosi mu boneti kolembedwa kuti DIAGNOSIS, ndipo mkati mwa chivindikiro chake muli chithunzi cha timabowo take. Mukalumikiza ndi kawaya bowo la FP ndi la +B, kiyi ali pa ON, pampu ya m'thanki imayamba kulira injini isanayake. Mapaipi amadzaza ndi mphamvu yake yonse, pafupifupi 3 bar, koma injini ili yozizira, malamba ali chete, ndipo mutha kupisa dzanja mopanda mantha. Werengani zilembozo kawiri musanalowetse waya. Pampu ikulira choncho, ndinayendetsa chala pa bawuti ya pamwamba pa fyuluta, ija imakhala ndi mawashala awiri amene amakaniko ena amakonda kubwezeretsa akale. Panali pouma. Ndinaunika m'tsinde mwa injekita iliyonse (kachipangizo kopopera petulo mu injini), pamene timalabala tozungulira timalimba ndi kutentha. Kenako ndinazula kapaipi kampweya kopita pa regulator (kachipangizo kowongolera mphamvu ya petulo) n'kukanunkhiza. Mukapezamo petulo, ndiye kuti kachikopa ka m'kati kang'ambika. Monsemo munali bwino.

Amene muli ndi galimoto ya kabuleta, monga timapikapu takale tija tonyamula fodya kupita ku Chinkhoma, zanu n'zosiyana pang'ono. Pampu yanu nthawi zambiri imakhala pa injini penipeni, ndipo ikang'ambika m'kati petulo amatha kutsikira mu oilo osaonekera kunja. Solani kachitsulo koyezera oilo: ngati akuchuluka yekha, wasungunuka, komanso akununkha petulo, musayendenso.

Kunsi kwa galimoto ndinalowa itakhala pa zitsa zolimba, osati pa jeke yokha. Mapaipi achitsulo amayenda m'munsi kuchokera ku thanki: yopititsa petulo, yobweza wotsala, ndi ya nthunzi. Dzimbiri silidya pamtetete, limadya pansi pa timakilipi togwira mapaipiwo, pamene matope a dzinja amakhala osauma. Ndinatsuka ndi burashi, n'kudikira paume, ndiye ndinawaza ufa woyera pa mfundo iliyonse ndi kuyatsanso pampu. Ufa umasintha mtundu ndi kachinyezi kochepa kwambiri kamene diso silingaone pa chitsulo chakuda. Sunasinthe.

Pamwamba pa thanki pamafikika mukatukula mpando wakumbuyo n'kumasula kachivindikiro ka pansi. Pamenepo ndi pamene pampu imalowera, ndipo labala wake akatha fungo limalowa m'galimoto mwachindunji. Panali fumbi louma. Koma thanki inali ndi mafuta osafika theka, choncho kuuma kumeneko sikunatsimikize kanthu. Vuto lobwera thanki ikadzaza limasakidwa thanki itadzaza. Ndinasiya ufa pamalo onse okayikitsa, n'kudikira tsiku lopeza mafuta.

Litafika, ndinadzaza thanki yonse ya malita 50, kubwerera kunyumba pang'onopang'ono, n'kuchotsa tayala lakumbuyo la mbali yothirira. Pansi pa mpando ufa unali woyera ndithu. Kuseri kwa tayala nkhani inali ina: matope ouma amene anaunjikana pa khosi la thanki anali atada, akununkha. Nditawagumula ndinaona paipi yaikulu ya labala yolumikiza khosi lachitsulo ndi thanki, ndi ina yaing'ono pambali pake yotulutsa mpweya pothira. Poyang'ana chabe yaikuluyo inkaoneka yabwino. Nditaifinya, ming'alu inatseguka m'mphepete mwa kilampu ngati chidendene cha munthu wa zing'alu, petulo n'kutuluka mikanda. Mafuta akatsika m'munsi mwa pamenepo, kudontha kunkaleka. N'chifukwa chake malita 15 sankanunkha.

Labala wa zaka pafupifupi 30 sangachitire mwina. Komanso petulo wathu kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982, pamene anayamba kumupanga ku Dwangwa kuchokera ku zotsalira za shuga, ndipo mapaipi ena akale salimba nthawi yaitali ndi msakanizo wotere. Mafutawo si olakwa. Paipi ndi imene yakalamba.

Mnyamata wina wodziwa za magalimoto amene ankandithandiza anati, “Madala, apa tingopaka sopo n'kumanga ndi legeni, muyenda nayo mpaka kukolola.” Ndinati, “Iyayi achimwene, ana amakhala mbali yomweyi.” Sopo ameneyu sindimunyoza. Thanki yachitsulo ikabooledwa ndi mwala kutchire, kupaka sopo wamtanda pa kabowoko kumakufikitsani kwanu, chifukwa petulo samusungunula. Koma mvula imamutsuka, ndipo pa labala wopindika sagwira. Legeni nayo imafufuma n'kufewa ikakhudzana ndi petulo. Choopsa kuposa zonse ndi kuwotcherera thanki: yopanda kanthu ndi imene imaphulika, poti mwadzaza nthunzi yosakanikirana ndi mpweya.

Galimotoyo ndinayenda nayo mawindo ali otsegula mpaka geji itatsika pansi pa theka, m'malo mopopa ndi pakamwa monga amachitira a zigubu. Paipi imeneyi ndi yopindidwa kale kufakitale, ndiye ya madzi kapena ya radiyeta singalowe m'malo mwake ngakhale kukula kutafanana; petulo amaidya. M'masitolo a zipangizo m'tauni muno sindinaipeze, ndinachita kutumiza uthenga ku Biwi ku Lilongwe. Yochotsa pa galimoto ina ndinaikana, chifukwa imakhala ya msinkhu umodzi ndi yomwe ndikutayayo. Pobwera ndinaitanitsiratu yaing'ono ija ndi makilampu atsopano.

Ndisanamasule ndinachotsa waya wa batire wa mbali ya minus. Khosi lachitsulo linali ndi dzimbiri lapamwamba chabe. Ndinalipala ndi sandipepa n'kupaka penti kunja, ndipo kilampu ndinaimanga kuseri kwa kamlomo kotukuka ka chitsulocho, mothina koma osadula labala. Mukakhala kuti mukusintha paipi ya mbali ya pampu, tsitsani kaye mphamvu: zulani pulagi ya pampu pansi pa mpando, lizani injini mpaka izime yokha, ndipo gulani paipi yolembedwa SAE J30R9, osati ya kabuleta.

Kuyesa kunali kudzazanso thanki, kuwaza ufa, n'kudutsa msewu wa mabampu wa kumunda kuti petulo akhavukire m'khosi. Ufa unabwerako woyera. Chivindikiro cha thanki ndinasinthanso, labala wake anali ataphwatalala. Pothira mafuta tsopano ndimamuuza wothirayo kuti pampu ikangodula koyamba asiye, asagwedeze galimoto kuti alowe ambiri, chifukwa wowonjezerayo amakathera m'kabotolo ka makala kosefa nthunzi ndipo fungo limayambiranso.