Fodya wa apongozi m'chipewa

Popeza nkhaniyi yafika kale mpaka ku Ngabu, ena akuti ndinakomoka, ena akuti ndinalira, bola muimve kwa mwini wake. Kulira sindinalire. Misozi inatuluka, inde, koma inali ya fodya.

Sabata imeneyo pa Bangula ponse pankamveka zoti a kukhonsolo akuyendera maokala kufuna malaisensi. Wakabaza wina anawonjezera kuti akubwera ndi a MRA kudzaona ngati mapaketi a ndudu ali ndi kasitampa ka msonkho, poti ndudu zina zimalowa mozemba kuchokera ku Mozambique. Mnzake anati chilowereni dziko lino m'pangano la WHO lochepetsa kusuta mu 2023, wogulitsa fodya aliyense ndi wakundende basi. Munthuyo sanafike ndi Sitandade 5 yomwe, koma tonse tinagwedezera mutu.

Ine laisensi ndili nayo, mumve bwino pamenepa. Lamulo la 2012 likuti wochita bizinesi akhale ndi chiphaso, ndipo ndimakalipira chaka ndi chaka ngakhale ndalamayo imawawa. Ndudu zanga n'zakuholoselo, sitampa ili pomwepo. Vuto linali fodya wamphuno wa apongozi. Amasinja okha, kumanga m'timapepala tapulasitiki, n'kunditumizira kuti ndiziwagulitsira. Fodya ameneyu alibe sitampa, alibe dzina, alibe risiti. Inu amene mukuseka, tandiuzani: mkamwini wodya za m'dimba la apongozi angakane bwanji?

Ndiye masana, mu Okutobala, dzuwa la kuno lija loti mbuzi zimakanganirana mthunzi wa njinga. Paima njinga yamoto. Patsika bambo wa malaya oyera opisira, cholembera m'thumba, fayilo kukhwapa. Mtima unangoti phwii. Ndinatapa timapepala tonse n'kuponya m'chipewa, chipewa pamutu. Tina tinali tosamanga bwino. Izi ndinazidziwa mochedwa.

"Mwaswera bwanji achimwene? Fodya muli naye?"

"Fodya? Ine bwana? Kuno timagulitsa sopo ndi mchere."

Ndikuyankha choncho paketi ya ndudu ili pashelefu kumbuyo kwanga, yotsegula, ikuwayang'ana. Denga la okala yanga ndi lamalata. Thukuta linayamba ntchito yake. Linatsika pachipumi litasanduka lofiirira, linaima pang'ono pansidze kuganizira njira, kenako linasankha diso lakumanja. Lina linatsetsereka ndi mphuno, pang'onopang'ono, mwaulemu, mpaka linafika pakhomo penipeni n'kulowa osaodira. Ndinapana mpweya. Ndinaluma mlomo. Ndinayamba kunena Atate Wathu chamumtima, koma sindinafike ndi pa chakudya chathu chalero.

Kuyetsemula kumene kunatuluka, nkhuku za pamsika zinabalalika. Chipewa chinadumpha, timapepala tinamwazika pakauntala, fumbi la fodya linakwera m'mwamba n'kutera pamalaya oyera aja. Bambo aja nawo anayamba. Ine yetsi, iwo yetsi, kulandizana ngati makwaya awiri pamaliro. Ndipo pakati pa zonsezi ndinkapitirizabe kunena kuti, "Si wanga bwana, ndi wa apongozi." Ndinawapereka mayi okalamba aja popanda ndi kumenyedwa komwe.

Atapeza mpweya anati, "Achimwene, ine ndine mphunzitsi. Ndimangofuna ndudu imodzi."

Fayilo ija munali mayeso a ana.

Apa ndi pomwe mayi wina amene anakhala pabenchi yanga nthawi yonseyi, wavala chitenje, akumwa thobwa, anapukuta pakamwa n'kutulutsa kachiphaso ka ntchito. "Bambo, mukamaliza kuyetsemula mundionetse laisensi." Eti wa kukhonsolo anali ameneyu. Ndinamupatsa pepala lija manja akunjenjemera. Anayang'ana dzina, anayang'ana deti, anati lili bwino koma ndilipachike poonekera, osati kuseri kwa kalendala ya tchalitchi. Ndinadikira kuti afunse za fodya wa apongozi, mayankho atatu ndakonza kale m'mutu. Anangotola kapepala kamodzi, kununkhiza patali, n'kufunsa mtengo, ati agogo awo amakonda wowawa chonchi.

Tsono amene mukuti ndinachita mantha opanda pake, munali kuti? Wa butchala anatseka n'kuthawira kumtsinje, koma za iye simunena. Ndipo munthu wopisira malaya kutentha konse kuja, fayilo kukhwapa, ndani sakanamuyesa wa boma?

Aphunzitsi ndinawapatsa ndudu ziwiri zaulere ndi sopo wochapira malaya. Apongozi anamva zonse dzuwa lisanalowe. Zoti ndinawatchula dzina sizinawakhudze, iwo akufuna ndalama ya timapepala tomwe tinatayika, ndipo awerenga kale. Ana a sukulu akamadutsa pa okala amayetsemula dala. Chipewa ndachichapa koma sindikuchivalabe.