Zikomo nonse, dzanja langa layambanso kugwira bulashi

Abale anga, zithunzi zanga za masamba zija zapachikidwa mu holo ya tchalitchi chathu kuno ku Edinburgh, ku Scotland, ndipo ndati ndisagone osathokoza. Ambiri mukudziwa kuti sitiroko inandigwetsa nyengo yozizira yapitayi, dzanja lamanja linafooka moti supuni yomwe imandikanika kunyamula, nanji bulashi. Kujambulaku ndimangopanga ndikaweruka kuntchito koma kukutaya kunandipweteka kuposa mmene ndinkaonetsera.

Mayi a kunyumba, inu ndiye ndiyambe nanu. Mumandisambitsa, kundimanga mabatani a malaya, kenako nkuthamangira shifiti ya usiku osadandaula olo tsiku limodzi. Mulungu yekha ndiye akulipireni. A fizo aja nawonso, achipatala othandiza kulimbitsa ziwalo zofooka, atamva kuti ndimakonda kupenta anandiuza ndiziyeserera kutola tsamba ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, poyamba limangopulumuka koma iwo osatopa nane.

Ndiye pali agogo achizungu oyandikana nafe, eeh mayi amenewa! Autumn, nyengo imene mitengo imayoyola masamba kuno, itangoyamba, akamakayendetsa galu wawo ku Inverleith Park amabwera ndi masamba mthumba, a oak, a beech ofiirira ngati mkuwa, a sycamore. Ndi iwonso anandiphunzitsa kuti tsamba ukalisiya patebulo mnyumba motentha limauma nkupindika usanamalize, ndiye uziliika mu pulasitiki pamodzi ndi tishu wonyowa nkuponya mufiliji, mawa ulipeza lili bwinobwino.

Ine amene anandigwira mtima ndi a sycamore, aja okhala ndi madontho akuda bii obwera ndi fangasi. Anthu amathamangira tsamba losalala lopanda chilema koma kwa ine lobooka, lodyedwa mmbali, loyamba kuwola ku nsonga ndi limene lili ndi zambiri zoti uone, ukhoza kukhala nalo masana onse osalimaliza. Ndipo penti wamadzi anandikomera mtima, umanyowetsa kaye pepala nkudontheza yellow ochre, pambali pake burnt sienna, mitundu ija imayenda yokha nkukakumana, dzanja silichita kulimbana kwambiri. Mitsempha ya tsamba ndi imene imafuna dzanja lokhazikika, imeneyo inanditengera nthawi ndipo tsiku limene ndinakoka mzere umodzi kuchoka pa phesi mpaka kunsonga osanjenjemera ndinalira ndithu.

Achinyamata a kutchalitchi, munasonkha mwakachetechete nkundigulira penti wa Winsor & Newton ndi mapepala okhuthala a 300gsm aja osafufuma akanyowa, ndikudziwa ena mwa inu ndi ana asukulu ndalama zake nzovuta. Zikomo kwambiri. Mwana wanga wamkulu, iwe unkandikankha pa wilitcheya ku Royal Botanic Garden kuti ndikaone ma maple a ku Japan atafiira psuu, nkumandifotokozera za kusukulu zija kuti dzuwa likayamba kulowa msanga mtengo umachotsa chobiriwira chija, chikasu chimene chinali momwemo kale nkuonekera, pomwe kufiira kumachita kupangidwa kuchokera ku shuga wa mtsambamo makamaka masana kukawala usiku nkuzizira. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndi chikasu pansi, zinazo pamwamba.

Achemwali anga ku Zomba, mafoto a mphukira za mango ndi za mitengo ya miombo munanditumizira pa WhatsApp mu Sepitembala aja ndinawalandira ndi misozi. Kwathu masamba amafiira akamaphuka, kuno akamagwa. Chithunzi chimodzi ndajambula kuchokera pafoni ndipo chapachikidwa pakati penipeni pa anzakewo, anthu akumaima pamenepo nkumafunsa kuti mtengo wanji umenewu.

Amene mwagula kale, ndalamazo tagwirizana ndi mayi a kunyumba kuti zithandize mayendedwe a anzanga amene akupitabe ku fizo. Zithunzi zikhalapo mpaka Loweruka lino, bwerani masana chifukwa chibwezereni mawotchi mmbuyo ndi ola limodzi, monga amachitira kuno nyengo yozizira ikamayandikira, kukumada msanga ndipo mitunduyi imaoneka bwino ndi kuwala kwa panja. Tiyi ndi mandasi zikhalapo, ine mundipeza pakhomo.