Mmene ndinapezera satifiketi ya CPC ku America

Nditaganiza zolowa ntchito yolemba makodi a matenda ndi mabilu a chipatala kuno ku America, ndinapeza kuti njira zikuluzikulu zilipo ziwiri: digiri ya zaka ziwiri kukoleji, kapena maphunziro a satifiketi osapitirira chaka. Ndinasankha yachiwiriyi chifukwa masana ndinali pantchito, choncho ndinkaphunzira madzulo pa intaneti.

Masabata oyamba sitinakhudze kodi ndi imodzi yomwe. Tinkaphunzira ziwalo za thupi ndi mawu a madokotala ochokera ku Chigiriki ndi Chilatini, ndipo ine ndinkaona ngati tikutaya nthawi, koma ndinadzazindikira kuti wosadziwa mawuwo sangamve zimene dokotala walemba m'faelo ya wodwala.

Kenako tinatsegula mabuku atatu. ICD-10-CM, imene dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito pa 1 Okutobala 2015, imatchula matenda, mwachitsanzo I10 pa kuthamanga kwa magazi. CPT, ya bungwe la American Medical Association, imatchula chithandizo chimene dokotala wapereka, pamene HCPCS Level II ndi ya zipangizo ndi mankhwala ena. Makodiwa amalowa pa fomu ya CMS-1500 yopita ku kampani ya inshuwalansi. Phunziro limene linandikhala mumtima ndinalipeza nditalakwitsa ntchito ya m'kalasi. Dokotala anali atalemba kuti akuganizira chibayo mwa wodwala wosagonekedwa, ine n'kulemba kodi ya chibayo, pamene lamulo limati matenda ongoganiziridwa salembedwa kwa wodwala wotere. Ndinayenera kulemba chifuwa ndi kutentha thupi basi.

Mayeso a CPC (Certified Professional Coder, satifiketi ya olemba makodi a chipatala) a AAPC, bungwe limene limapereka satifiketiyi, anali ndi mafunso 100 m'maola anayi, ndipo wokhoza amayenera kupeza 70 peresenti. Mabuku amaloledwa, koma funso lililonse lili ndi mphindi zosakwana ziwiri ndi theka, motero ndinathera mwezi wathunthu ndikumata timapepala m'mbali mwa masamba ndi kuzolowetsa zala kupeza malo msanga.

Nditakhoza, satifiketi inabwera yolembedwa CPC-A, chilembo chomalizacho kutanthauza kuti ndikadali wophunzira ntchito, ndipo olemba ntchito ambiri amachiyang'anitsitsa. Kuchichotsa kumafuna zaka ziwiri pantchito, koma maphunziro a makodi okwana maola 80 amawerengedwa ngati chaka chimodzi. Anga anakwana maolawo, choncho nditagwira chaka ndikulemba mabilu pa kachipatala kena, ndinatumiza kalata ya abwana anga ndipo chilembocho anachichotsa.