Tisitima ta pa Zambezi timene agogo ankatiuza

Nthawi iliyonse basi ya ku Blantyre ikafika pa mlatho wa ku Tete ine tulo timatha, ndimakakamira pawindo kuyang'ana Zambezi. Anzanga amene tanyamuka nawo ku Harare amakhala ali busy kuwerenga ndalama za pa Zobue, ine maso ali pamadzi kufunafuna kasitima kokoka katundu. Ndimangoona mabwato a asodzi basi.

Vuto anayambitsa ndi agogo anga aamuna. Iwo kwawo kunali ku Nsanje, nthawi imeneyo kukutchedwa Port Herald, anabwera kuno ku Harare kukadali Salisbury ndipo anamwalirira ku Mbare osabwererako. Madzulo akakhala pakhonde nkhani inali imodzimodzi, masitima a pamtsinje. Akuti anali ndi chigudumu chachikulu kumbuyo chopalasa madzi, injini yake yoyendera nkhuni, ndiye katundu weniweni sankakhala mu sitimamo ayi, ankakhala m'zimabwato zachitsulo zopanda injini zomangidwa m'mbali mwake, china uku china uku. Kasitima kakang'ono koma kakukoka matumba a shuga kupita ku Chinde komwe Zambezi amathira m'nyanja. Pansi pake ankapanga pophwatalala dala chifukwa Shire ndi Zambezi madzi akachepa m'chilimwe mchenga umangotulukira paliponse, lero njira ili apa mawa yasamuka. Kutsogolo kunkaima munthu ndi nsungwi kumayeza kuya kwa madzi, akalakwitsa yekhayo basi mwatitimira, mugona pomwepo ndi udzudzu ndi mvuu. Ifeyo tinkaseka, timati agogo akuwonjezera.

Njanji ndi imene inalanda ntchito yambiri, makamaka mlatho wa njanji wa Dona Ana, wowoloka Zambezi ku Mozambique, utatsegulidwa mu 1935 pakati pa Sena ndi Mutarara, katundu wa ku Beira n'kumangodutsa pamwamba.

Ndiye mu October 2010 a Bingu wa Mutharika atatsegula doko la Nsanje, a Mugabe ndi a Rupiah Banda ali pomwepo, kunyumba kwathu kunali chisangalalo ngati ukwati. Amalume anachita kunena kuti feteleza atsika mtengo, tizipita kumudzi pamadzi kkkk, ngati kuti Harare ili m'mbali mwa mtsinje. Makilomita 238 okha kuchoka ku Nsanje kufika ku Chinde. Koma chibwato cha feteleza chimene anthu ankadikira tsiku lija sichinafike, a ku Mozambique anachigwira m'njira, iwo ankati kafukufuku wa mtsinjewo achitike kaye.

Ine pamenepa ndimaona kuti tinathamangira kumanga doko tisanaganize za tisitima togwira ntchito yauve tija, tokumba mchenga, tochotsa namasupuni, tokankha katundu usiku ndi usana. Palibe amene amadula riboni chifukwa cha kasitima kokumba mchenga eti.

Mwezi wa mawa ndikudutsanso pa Tete kukaona azakhali ku Ndirande, mpando wa pawindo ndalipira kale.