Kuwerenga mpaka 7: zimene ndikuphunzira kwa King Crimson

Amene tinaphunzira gitala pa nyimbo za kutchalitchi ndi za pawailesi tili ndi 4 m'magazi. Phazi limagunda lokha, 1, 2, 3, 4, n'kubwereranso pa 1, mutu uli kwina. Tikapita ku magule athu, thupi limadziwanso kuyendetsa 3 ndi 2 pamodzi popanda wotiphunzitsa: manja akuwomba zina, miyendo ikuponda zina, koma zonse n'kumagwirizana. Phazi lomwelo mulipatse nyimbo yoyenda pa 7 kapena pa 13, muone mmene limapunthwira. Limafuna kuwonjezerapo kugunda kumodzi kuti 7 akwane 8, kapena kumeza kumodzi kuti 13 atsikire pa 12. Kupunthwa kumeneku n'kumene kunandikokera ku King Crimson, ndipo pano gululi lasanduka sukulu yanga ya gitala ya madzulo.

Kwa amene simunalimvepo, ndi gulu la ku England lomwe linayamba ku London mu January 1969. Pa 5 July chaka chomwecho linayimba ku Hyde Park, Rolling Stones asanakwere pansanja, pamaso pa chinamtindi cha anthu, lisanatulutse n'komwe chimbale. Chimbale choyambacho, In the Court of the Crimson King, chinatuluka mu October, ndipo ambiri amati ndi pomwe progressive rock, mtundu wa rock wa nyimbo zazitali ndi zolukidwa movuta, inayambira zenizeni. Mwina munamvapo kachidutswa kake osadziwa: Kanye West anatenga mawu a Greg Lake, woyimba wa gululi, mu "21st Century Schizoid Man" n'kuwaika mu "Power" mu 2010. Gulu loyambalo silinakhalitse. Ian McDonald ndi Michael Giles anachoka chakacho chisanathe, Lake anatsatira mu 1970 kukayambitsa gulu la Emerson, Lake & Palmer, ndipo kuyambira pamenepo anthu akhala akulowa ndi kutuluka. Amene sanachokepo ndi mmodzi yekha, Robert Fripp, wa gitala.

Chimbale choyambachi ndimachilemekeza, koma sindicho chimene ndimaphunzirapo. Ndakatulo zake za mafumu ndi nyumba zachifumu sizindifika pamtima, ndipo gawo lalitali la nyimbo ya "Moonchild" ndimalidumpha popanda manyazi. Mtima wanga uli pa zimene anachita mu 1973 ndi 1974, komanso pa chimbale cha Discipline cha mu 1981.

Ndiyambe ndi cha 1981, chifukwa ndi chomwe chandidyera nthawi yambiri. Fripp atalithetsa gululi mu 1974, analidzutsanso ndi anthu anayi: iye mwini, Bill Bruford pa ng'oma, ndi anthu awiri a ku America, Adrian Belew pa gitala ndi kuyimba, Tony Levin pa besi ndi pa Chapman Stick, choyimbira cha mawaya ambiri chomwe amachiyimba pogogoda ndi zala za manja onse awiri. Aka kanali koyamba King Crimson kukhala ndi magitala awiri, ndipo sanawagawe mmene timagawira ife kuti uyu lidi, uyu rizimu. Anawaluka.

Mu "Frame by Frame" muli malo amene magitala onse awiri amayimba kachingwe kamodzi ka manoti 7, mobwerezabwereza. Belew amakayimba kathunthu, 7 ndi 7, ndiye kuti 14. Fripp amasiya noti imodzi, n'kukhala ndi 13. Ulendo woyamba ali pamodzi. Ulendo wachiwiri Fripp watsogola ndi noti imodzi, wachitatu ndi ziwiri, n'kumapita choncho. Palibe amene wawonjezera liwiro, palibenso amene wasintha zimene akuyimba, koma chimene khutu likumva chikusintha ulendo uliwonse chifukwa manoti okumana akhala ena. Ndinachita masamu papepala: 14 kuchulukitsa ndi 13 ndi 182, ndiye mukawasiya awiriwa azingopita, adzayambiranso pamodzi pakadutsa manoti 182. Wa 14 adzakhala atazungulira maulendo 13, wa 13 atazungulira 14.

Papepala n'zophweka. Pa gitala ndi nkhani ina. Ndinayamba ndi kuphunzitsa pakamwa, gitala ili pakhoma: kuwerenga 7 monga 4 ndi 3, kenako monga 2, 2, 3, ndikuyenda, ndikutsuka mbale, mpaka phazi litasiya kupempha 8. Kenako ndinajambula pa foni gawo la manoti 14, pang'onopang'ono kwambiri, ndi metronome, kachipangizo kogunda kosunga liwiro, n'kumayesa kuyimba la 13 pamwamba pake. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti pakati, pamene magawo awiriwa atalikirana, sipavuta. Povuta ndi poyambirira ndi pomalizira, pamene mwasiyana ndi noti imodzi yokha. Khutu limamva ngati walakwitsa, limafuna kukonza, ndipo dzanja limamvera khutu usanaganize n'komwe. Ukazindikira wabwerera kale pa mnzako, mukuyimba chimodzimodzi. Zaka zonsezi taphunzitsidwa kuti ukasiyana ndi gulu ubwerere msanga. Apa ukufunika kumumva mnzako bwinobwino, chifukwa liwiro lanu ndi limodzi, koma osamutsatira.

Nditayamba kuyesa ndi mnzanga amene timayimba naye kutchalitchi, vuto linakula, chifukwa foni sikokeka koma munthu amakokeka. Ine ndikagwa, iye amagwa nane. Iye akazengereza pang'ono, ine ndimamudikira, zonse n'kuphwasuka. Tsiku lina anaika gitala pansi n'kunena kuti, "Achimwene, izi si nyimbo, ndi mayeso a masamu." Sindinamutsutse kwambiri. Koma pamene tinakwanitsa kuzungulira mpaka kukumananso pa 1, ndi iyeyo amene anakuwa.

Olemba za gululi amati maganizo olukana magitalawa anachokera ku gamelan, nyimbo zamakolo za ku Indonesia, ndi kwa opeka nyimbo monga Steve Reich wa ku New York. Sindikukana. Koma amene anaonapo mangolongondo akuyimbidwa kum'mwera kwa Malawi sangadabwe kwambiri: anthu awiri amakhala moyang'anizana, wina akumenya m'mipata imene mnzake wasiya, ndipo nyimbo imene imamveka palibe mmodzi wa iwo amene akuyimba yekha. Kusiyana kwake n'kwakuti pa mangolongondo mpata wako ukaupeza umakhala pomwepo, pamene mu "Frame by Frame" mpatawo umasuntha ulendo uliwonse. Ndipo si mwangozi kuti khutu lathu limapeza pogwira mu nyimbo zina za gululi. Chimbale cha mu 1973, Larks' Tongues in Aspic, chimatsegula ndi kalimba m'manja mwa Jamie Muir, munthu amene ankamenya chilichonse chomveka, maunyolo ndi malata omwe, asanasiye gululi chaka chomwecho kupita kukakhala kunyumba ya Abuda ku Scotland.

Phunziro lachiwiri linachokera ku "Starless", nyimbo yomaliza pa chimbale cha Red cha mu 1974, ya mphindi 12. Imayamba mofatsa, John Wetton akuyimba, Mellotron ikulira kumbuyo. Mellotron ndi kiyibodi yakale imene kiyi iliyonse imaseweretsa kachidutswa ka tepi ka masekondi 8, ndiye mawu ake amanjenjemera pang'ono, ndipo kunjenjemerako ndiko kukoma kwake. Mawu akatha, besi imayamba kachingwe ka kugunda 13, n'kumangokabwereza. Pamwamba pake Fripp, munthu amene zala zake zimatha kuthamanga kuposa pafupifupi aliyense wa nthawi yake, amayimba noti imodzi. Imodzi yokha, mobwereza. Pakapita nthawi amakwera pang'ono, n'kukhalanso pamenepo. Amatero kwa mphindi zingapo, Bruford akulowa pang'onopang'ono ndi timitengo ndi tizitsulo, mpaka womvera amafika pofuna kukuwa kuti bambo inu, chitanipo kanthu. Zikaphulika, ndi saksofoni ndi ng'oma zonse, zimaphulika ndi mphamvu imene sizikanakhala nayo akanakhala kuti anayamba kukometsera kale.

Ndinayesa kuyimba gawo limeneli pamodzi ndi chimbale. Mwana wa masiku awiri pa gitala akhoza kugwira noti zake. Koma kukhala pa noti imodzi nthawi yonseyo, uku ukuwerenga 13 wa besi kuti udziwe pokwera, osawonjezera kanthu, osakankha mwamphamvu nthawi isanakwane, n'kovuta kuposa zothamanga zambiri zimene ndinaphunzirapo. Ife a lidi tili ndi matenda athu: woyimba akangopuma, ife talowa kale ndi tizokometsera, mpata uliwonse tiutseke. Timaopa kuti tikakhala phee anthu aiwala kuti tilipo.

Bruford anapitirira apo. Nyimbo yotchedwa "Trio", pa chimbale cha Starless and Bible Black, inajambulidwa pa konsati ku Concertgebouw ku Amsterdam mu November 1973. Sinakonzedwe, anangoyamba kuyimba, Fripp pa Mellotron, Wetton pa besi, pamodzi ndi David Cross. Bruford anakhala kumbuyo kwa ng'oma zake, timitengo atatipingasa pachifuwa, akudikira polowera, ndipo anaona kuti palibe pofunika ng'oma. Sanamenye ngakhale kamodzi. Anzakewo analemba dzina lake pa mndandanda wa opeka nyimboyo, poona kuti kusalowa kwakeko kunali mbali ya nyimbo. Kumbukirani kuti ameneyu ndi munthu amene anasiya gulu la Yes mu 1972, litangomaliza chimbale cha Close to the Edge, ndalama zitayamba kulowa, n'kupita ku gulu losadziwika mawa lake chifukwa ankafuna kuphunzira zina.

Fripp mwiniwake ndi chilimbikitso kwa ife ophunzira mochedwa komanso movutikira. Anabadwa mu 1946 ku Wimborne, m'chigawo cha Dorset, ndipo anayamba gitala ali ndi zaka 11. Ndi wamanzere, koma anaphunzira kuyimba ngati wamanja. Iye mwini wakhala akunena kuti poyamba analibe khutu la nyimbo ngakhale luso losunga kugunda. Zonse zimene timamva anazimanga pokhala pansi tsiku ndi tsiku. Ngakhale pansanja amayimba atakhala pampando, osadumpha, osagwedeza tsitsi, ndipo gitala yolira motalika mu "Heroes" ya David Bowie, yojambulidwa ku Berlin mu 1977, ndi ya bambo wofatsa yemweyu.

Sindikufuna kumupaka mafuta mopitirira. Ambiri amene anayimba naye ananena poyera kuti si munthu wophweka kugwira naye ntchito, ndipo kuchuluka kwa anthu amene anadutsa m'gululi kukuchitira umboni. Ankadana ndi zojambula zithunzi pa makonsati, mpaka owonera ena kumva ngati ali m'kalasi. Ndipo mnzanga uja sananame kotheratu: pali nyimbo zina za King Crimson, makamaka za m'zaka za pambuyo pake, zimene ndimazigomera koma sindizikonda, zomveka ngati anthu anzeru akuonetsana nzeru. Ndikafuna kumutsimikizira munthu kuti gululi lili ndi mtima ndimamuikira "Matte Kudasai", yomwe ili pa chimbale chomwecho cha Discipline, pamene gitala ya Belew imalira ngati mbalame za kunyanja. Imeneyo sifuna kuwerenga.

Chimene sindinayembekezere n'chakuti phindu la zonsezi ndaliona pa nyimbo zathu za 4 zomwezi. Wa ng'oma akachita zake pakati pa vesi sindigwedezekanso, chifukwa 1 wanga ndimamusunga ndekha. Ndayamba kumva besi ngati nyimbo payokha, osati phokoso la pansi chabe. Ndikamvera sungura tsopano, makamaka besi ya Alick Macheso, ndimamva mmene magitala amapatsirana malo, chinthu chimene ndakhala ndikuvina zaka zambiri osachiona. Ndipo pa kwaya ndachepetsa zokometsera. Palibe amene wadandaula.

Gululi linayimba konsati yake yomaliza ku Tokyo mu December 2021, litatha zaka zingapo likuyenda ndi omenya ng'oma atatu oikidwa kutsogolo kwa nsanja. Lake anamwalira mu 2016, Wetton mu 2017, McDonald mu 2022. Zimbale zawo zinaikidwa pa Spotify mu 2019, ndiye kuzipeza sikuvutanso ngati bandulo ilipo. Wofuna kuyamba, ndingati ayambe ndi Red, kenako Discipline, ndipo nyimbo iliyonse aimvere kawiri: koyamba osawerenga, kachiwiri akuwerenga.

Ine chotsatira ndi nyimbo imene chimbale cha Discipline chinatengerapo dzina, momwe magitala amayambira pa 5 pamene manja a Bruford akuyenda pa 17. Mnzanga wavomera kutenga gawo la Belew, bola tiyambe pa theka la liwiro lake. Chimodzi chokha chimene ndasankha kusatsanzira ndi kachunidwe ka gitala kamene Fripp anayamba kuphunzitsa mu 1985 pa maphunziro ake a Guitar Craft ku West Virginia: C, G, D, A, E, G, kuchokera pa waya wonenepa kupita pa wowonda. Nyimbo za mu 1981 anazijambula asanasinthe, ndiye sindikukafuna. Komanso kachunidwe kameneka kamafuna mawaya akeake. Pa mawaya wamba, wa B uyenera kuukoka mpaka ufike pa E, ndipo pa mtengo umene mawaya afika masiku ano sindingayerekeze.